Januwale si mwezi wolumbira: mafunso ndi mayankho pa za kuyambanso moyo ku Dedza

Usiku wa pa 31 Disembala matchalitchi ambiri pa boma la Dedza, ku Bembeke, ku Linthipe ndi ku Mayani amadzaza ndi anthu odikira kuwoloka chaka. Nthawi ikangokwana 12 koloko kumamveka nthungululu, ndipo aliyense amadziuza zake mumtima: chaka chino mowa basi, chaka chino katapila ayi, chaka chino nyumba ya malata iima. Pofika tsiku la Chilembwe pa 15 Januwale, ena amakhala atabwerera kale kumene analumbira kuti sadzapondanso. Tisafulumire kunena kuti ndi ulesi. Kawirikawiri lonjezolo limakhala lalikulu mopyola, losadziwika kwa wina aliyense, ndiponso loikidwa pa mwezi wovuta kuposa yonse. Mafunso otsatirawa ndi amene amabuka nkhaniyi ikayambika, ndipo mayankho ake akusonyeza njira zina zimene munthu wa kumapiri kuno angayese.

Kodi mwambo wolonjeza pa 1 Januwale unachokera kuti?

Unachokera kutali. Aroma akale ndiwo anaika chiyambi cha chaka pa tsikuli. Kuyambira mu 153 BC akuluakulu a boma lawo ankalowa ntchito pa 1 Januwale, ndipo kalendala ya Julius Caesar, imene inayamba kugwira ntchito mu 45 BC, inakhazikitsa zimenezo. Za mapemphero zinabwera pambuyo. John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist ku England, anachititsa mwambo wokonzanso pangano ndi Mulungu mu 1755, ndipo m'kupita kwa nthawi mwambowo unakhazikika kumayambiriro kwa chaka.

Makolo athu sankawerenga chaka motero. Kwa Achewa, Angoni ndi Ayao a kuno chaka chinkayenda ndi mvula ndi khasu: kusosa, chizimalupsa, kubzala, kupalira, kubandira, masika, kututa. Zinthu zazikulu zosintha moyo wa munthu, monga chinamwali, ukwati ndi kumanga nyumba, zinkadikira kuti nkhokwe zidzaze. Mpaka lero Gule Wamkulu amachuluka anthu akatuta, ndipo Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia kumachitika kumapeto kwa Ogasiti. Akuluwo ankadziwa kuti nthawi yopalira ndi yopalira, si yoyambira zinthu zina.

Ndiye kulonjeza n'kungotaya nthawi?

Ayi, koma mphamvu yake ndi yochepa kuposa mmene timaganizira. Katswiri wa za kaganizidwe ka anthu, John Norcross wa pa yunivesite ya Scranton ku America, anatsatira anthu 200 olonjeza za chaka chatsopano m'zaka za m'ma 1980. Sabata yoyamba itatha, 77 mwa 100 alionse anali akadasunga lonjezo. Zaka ziwiri zitatha anatsala 19 okha. Pa kafukufuku wina amene anatuluka mu 2002, iye ndi anzake anayerekeza olonjeza ndi anthu ofuna kusintha koma osatsimikiza kanthu. Patatha miyezi 6, mwa olonjeza 100 alionse 46 anali akupitirizabe, pamene mwa osalonjeza anali 4 okha.

Tsono kutsimikiza mtima kuli ndi phindu. Wongolakalaka osatsimikiza sapita patali. Koma oposa theka la otsimikizawo amagwa chaka chisanafike pakati, ndipo kumeneko n'ku America kumene Januwale si mwezi wa njala. Chofunika kukonza ndi kapangidwe ka lonjezolo ndi nthawi yake.

Nanga n'chifukwa chiyani kuno malonjezowa amafa msanga chonchi?

Chifukwa Januwale wa kuno ndi mwezi wa njala ndi thukuta. Tengani banja lolima chimanga, nyemba ndi kachewere cha ku Bembeke. Matumba a chimanga chakale atsala awiri kapena atheratu, ndipo pa msika chidebe chakwera mtengo monga chimachitira chaka ndi chaka mpaka chachiwisi chiyambe kudyedwa mu Malichi. Munda ukufuna kupalira ndi feteleza wobereketsa. Kachewere akufuna kupopera mankhwala, chifukwa mvumbi ndi nkhungu za kumapiri kuno n'zimene chiwawu chimakonda. Teremu yachiwiri yatsegulidwa, mwana wa ku sekondale akufuna fizi ndi yoyendera. Kandalama kamene banki m'khonde inagawa mu Disembala kanapita ndi mpunga, nyama ndi zovala za Khirisimasi. Bambo akadzuka m'mawa ayenera kusankha: apalire munda wake kuti adzakolole, kapena akagwire ganyu kwa wina kuti ana adye lero.

Munthu amene ali pamenepo mukamuuza kuti azisunga K5,000 sabata iliyonse ndiye kuti mukumuseka. Akadzilonjeza yekha n'kulephera amayamba kudziona wachabechabe, n'kusiya ngakhale zochepa zimene akanatha. Kuipa kwa lonjezo la pa nthawi yolakwika n'kumeneko. Limasiya manyazi, ndipo manyaziwo amagwetsa mphwayi chaka chonse.

Ngati si pa 1 Januwale, munthu ayambe liti?

Masiku oyambira alipo ambiri. Boma lenilenilo siliyamba chaka chake cha chuma mu Januwale: kuyambira mu 2022 limayamba pa 1 Epulo. Sukulu zimayamba chaka mu Seputembala. Mlimi chaka chake chimayamba ndi mvula yobzalira. Mu 2014 Katherine Milkman ndi anzake a pa yunivesite ya Pennsylvania anapeza kuti chidwi choyambanso chimakwera pa tsiku lililonse looneka ngati chiyambi, kaya ndi kumayambiriro kwa sabata, kwa mwezi, kwa teremu, kapena munthu akangopyola tsiku lake lobadwa. Wophonya Januwale sanatsekeredwe kunja.

Chanzeru n'kugawa chaka m'nyengo zinayi, nyengo iliyonse n'kuipatsa ntchito imodzi yoiyenera.

Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndi nthawi yosamala zimene zilipo kale. Musadzisenzetse katundu watsopano. Munda upaliridwe pa nthawi yake, ana apite kusukulu, aliyense agone m'neti.

Kuyambira Epulo mpaka Juni ndalama zimalowa, ndipo malonjezo onse okhudza ndalama ayambire pamenepa. Patulani chimanga cha chakudya cha chaka chonse mavenda asanafike ndi sikelo zawo. Kachewere kapena soya akagulitsidwa, thumba loyamba la feteleza ligulidwe sabata yomweyo. Ku Kenya, pa kafukufuku wa Esther Duflo, Michael Kremer ndi Jonathan Robinson amene anatuluka mu 2011, alimi amene anapatsidwa mwayi wolipiriratu feteleza atangokolola anathira feteleza mochuluka kuposa anzawo amene anadikira nthawi yobzala. Ndalama ya mu Meyi siifika Disembala ikakhala m'thumba.

Kuyambira Julayi mpaka Seputembala manja amapepukirako. Ino ndiyo nthawi youmba njerwa, yolima kudimba, yopanga manyowa, yophunzira kusoka kapena ukalipentala, yolowa sukulu ya kwacha. Manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, amapsa pa masiku 21 okha, ndipo zambiri zofunikira zimapezeka pakhomo m'miyezi imeneyi.

Kuyambira Okutobala mpaka Disembala mizere ikhale itatha mvula isanagwe, ndipo banki m'khonde ikagawa, fizi ya Januwale ipatulidwe Khirisimasi isanafike.

Ndiye mu Januwale tingokhala manja lende?

Ayi. Pali ntchito ziwiri zimene zimakwanira bwino mwezi umenewu, ndipo zonse sizilira ndalama zambiri.

Yoyamba ndi kuwerengera chaka chathacho. Tengani kope la ana asukulu Lamulungu masana, mukhale pansi ndi akunyumba kwanu. Lembani matumba amene munakolola, mwezi umene chimanga chinatha, ngongole zonse ndi eni ake, matenda amene anadya ndalama. Ngati kulemba kumavuta, mwana wa sitandade 7 agwire cholembera. Mabanja ambiri sanaonepo chaka chawo chonse pa tsamba limodzi, ndipo akachiona amazindikira okha pamene pakudontha. Mwina ndi chimanga chogulitsidwa motchipa mu Meyi n'kudzagulidwanso modula mu Febuluwale. Tsamba lachiwiri likhale la zimene zinayenda bwino ndi anthu amene anakuthandizani. Mu 2003 Robert Emmons ndi Michael McCullough anapeza kuti anthu amene ankalemba zinthu zoyamika sabata iliyonse ankaona moyo wawo ndi chiyembekezo chochuluka kuposa amene ankalemba zodandaula. Mukalemba, musasiyire pa kope. Nyamukani mukathokoze mmodzi mwa anthuwo pakhomo pake.

Yachiwiri ndi kubzala mitengo. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo inakula kuchokera ku tsiku limodzi la pa 21 Januwale limene linakhazikitsidwa mu 1976. Aliyense woyenda mu msewu wa M1 amaona yekha mmene mapiri ena ametekera, ngakhale kufupi ndi nkhalango ya Chongoni imene ili ndi malo 127 a zojambula za pamiyala, olowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Musalonjeze mitengo 100. Bzalani isanu, kaya mapeyala, mapichesi kapena mbawa, ndipo ipulumuke yonse. Kumbani dzenje la masentimita 60 mbali zonse, dothi lapamwamba paokha, lapansi paokha. Lapamwambalo sakanizani ndi manyowa owola bwino, libwerere m'dzenje poyamba. Vulani chubu cha pulasitiki mosagumula dothi la kumizu, bzalani madzulo nthaka ili yonyowa, tsenderani ndi manja. Chitani zimenezi Januwale asanathe kuti mizu igwire mvula isanasiye. Ntchito yeniyeni imabwera m'chilimwe: mpanda wa minga kapena wa njerwa wotchinga mbuzi zikamasulidwa, ndi kulambula udzu kuzungulira moto wolusa usanafike. Amene alibe mbande asamalire zitsa za masuku ndi mitengo ina yachilengedwe zophukira m'munda mwake, asiye mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zina adulire.

Ine vuto langa ndi mowa. Kodi kunena kuti "ndasiya" n'kolakwika?

Cholinga n'chabwino, koma mawuwo akusiya mpata wosatseka. Akunena zimene simuchita, osanena zimene muchite nthawi imeneyo. Ku Sweden, Per Carlbring ndi anzake anatsatira anthu 1,066 kwa chaka chathunthu, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2020. Mwa amene analonjeza kuyamba chinthu chabwino, 59 mwa 100 alionse anati zinawayendera. Mwa amene analonjeza kusiya chinthu choipa, anali 47.

Mowa uli ndi nthawi yake, malo ake ndi anzake. Kwa alimi ambiri nthawi yake ndi tsiku la msika, kachewere atakwezedwa pa lole, ndalama zili m'thumba, anzanu akukodolani pa golosale. Pamenepo ndi pamene payenera kukonzedwa. Peter Gollwitzer anafotokoza mu 1999 njira yosavuta yomangira chochita pa nthawi ndi malo: chakuti chikachitika, ndichita chakuti. Mwachitsanzo: ndikangolandira ndalama ya kachewere pa Chimbiya, ndiitumiza pa foni ya amayi akunyumba ndisanachoke pa sikelo, nditsale ndi yoyendera yokha. Kapena: Loweruka likafika 3 koloko masana, ndipita kudimba kapena kubwalo la mpira. Njira yomweyi imagwira kwa mnyamata wa kabaza amene ndalama yake ikuthera kubetcha, ndi kwa mphunzitsi amene malipiro ake safika pa tsiku la 10 la mwezi.

Chenjezo limodzi: munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, amene manja amanjenjemera m'mawa asanamwe, asasiye mwadzidzidzi payekha. Kutero kungabweretse kukomoka ndi kusokonezeka mutu. Ayambe waonana ndi achipatala.

Ndikufuna kusunga ndalama koma sizikhala m'nyumba. Nditani?

Zichotseni m'nyumbamo. Ndalama yosungidwa pansi pa mphasa ili pafupi ndi maliro aliwonse, mlendo aliyense ndi chilakolako chilichonse. Banki m'khonde inapangidwa kuthetsa vuto limeneli. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo lero magulu ake ali ponseponse m'midzi ya Dedza. Anthu 15 mpaka 25 odziwana amakumana sabata iliyonse, aliyense amagula sheya kuyambira imodzi mpaka zisanu, chidindo chimagwa m'kabuku kake anzake akuona. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana. Wochedwa kapena wojomba amalipira chindapusa. Pali kathumba kapadera ka matenda ndi maliro. Chaka chikatha amagawana zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja.

Taonani zimene gululi limapereka zimene lonjezo la mumtima lilibe: tsiku lodziwika, ndalama yochepa yodziwika, mboni, chilango chaching'ono, ndi tsiku lomaliza. N'chifukwa chake mayi amene sangasunge K1,000 m'nyumba kwa masiku awiri amatha kufika Disembala ali ndi ya mbuzi.

Koma pali zoyenera kusamala. Lowani gulu limodzi, osati atatu, chifukwa kukongola uku kuti mubweze uko ndi katapila wa dzina lina. Musakongole kuti mugule zakudya kapena zovala, koma zimene zibweza ndalamayo. Ndipo kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Cholinga chowerengedwa m'makwacha chikhoza kusungunuka chaka chisanathe. Muwerengere m'zinthu: matumba awiri a feteleza, mbuzi yaikazi imodzi, malata 10. Ndalama ikakwana ya lata limodzi, ligulidwe, liimikidwe kuchipinda. Magulu ena akhoza kukambirananso tsiku logawana, kuti lisagwe sabata ya Khirisimasi koma nthawi yogula mbewu ndi feteleza.

Kodi si bwino kubisa zolinga zanga? Anthu ali ndi nsanje.

Mantha amenewa ndi odziwika, ndipo si onse opanda pake. Kulengeza pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti chaka chino mumanga nyumba sikuthandiza. Gollwitzer yemweyo ndi anzake anapeza mu 2009 kuti munthu akauza ena zimene akufuna kudzakhala, n'kuona kuti amumva, khama lake likhoza kutsika, chifukwa mtima umamva ngati wafika kale. Koma pakati pa kuuza mudzi wonse ndi kusauza aliyense pali mpata waukulu. Mukufunika mboni imodzi kapena ziwiri zokhala ndi ufulu wokufunsani: akunyumba kwanu, nkhoswe, mnzanu wa ku mphakati kapena ku chigwirizano, shehe kapena mkulu wa mpingo. Muwauze chinthu chenichenicho ndi tsiku loti adzakufunseni.

Makolo ankalima dima podziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Munda umene ukanatenga munthu mmodzi sabata ziwiri unkatha tsiku limodzi, ndipo palibe amene ankagona pakati pa mzere anzake akuona.

Dedza ili ndi chitsanzo chake cha lonjezo limene linagwira. Inkosi Theresa Kachindamoto, imene inalowa ufumu mu 2003, itaona atsikana aang'ono ali ndi ana kumbuyo sinangonena kuti zimenezi zithe. Inasainitsa mafumu ake 50 pangano lothetsa maukwati a ana, inaimitsa mafumu ophwanya panganolo, ndipo inaika amayi ndi abambo m'midzi oti aziona mwakachetechete ngati ana akupitadi kusukulu. Pofika mu 2016 maukwati oposa 850 anali atathetsedwa. Panali pepala, panali mboni, panali oyang'anira, panali chotsatira kwa wophwanya. Lonjezo la munthu mmodzi limafunanso zomwezo, ngakhale pa muyeso waung'ono.

Ndinayamba bwino koma ndaphonya. Basi zatha?

Sizinathe. Phillippa Lally ndi anzake a pa University College London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuzolowera chinthu chimodzi chatsopano tsiku ndi tsiku, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2009. Ena anazolowera pa masiku 18, ena zinaoneka kuti zikanawatengera masiku 254, ndipo wapakatikati anatenga masiku 66. Chofunika kwambiri n'chakuti kuphonya tsiku limodzi sikunawononge kanthu. Chowononga n'kuganiza kuti poti ndagwa kamodzi, ndingogona pomwepo.

Mlimi akadwala sabata imodzi udzu n'kukula, sasiya munda mpaka chaka chamawa, amanola khasu n'kuyambira pamene analekezera. Chitani chimodzimodzi. Funsani chimene chinachitika tsiku limenelo: munali ndi ndani, inali nthawi yanji, munali ndi njala kapena mkwiyo? Konzani pamenepo. Ngati mukuphonya kawirikawiri, katunduyo ngwamkulu, muchepetse. Kuwerenga tsamba limodzi tsiku lililonse kumaposa buku lonse limene silitsegulidwa. Ndipo musagwire zisanu nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kodi kuyambanso moyo n'za ndalama ndi munda zokha?

Ayi. Pali akatundu ena osaoneka amene amalemera kuposa ngongole. Abale awiri osalankhulana chifukwa cha malire a munda, mlamu amene simunamupepese chiikireni maliro, mwana amene munamukana chifukwa cha mimba. Munthu akhoza kuvala zatsopano pa 1 Januwale koma akulambalala nyumba ya mchimwene wake. Kusankha munthu mmodzi woti muyanjane naye chaka chino ndi ntchito yaikulu, ndipo njira yake ilipo kale: ankhoswe, malume, a mfumu, akulu a mpingo. Kupepesa sikulira feteleza, ndiye kumatheka ngakhale mu Januwale.

Thupi nalo lili ndi mbali yake. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. M'malo molonjeza za thanzi zosagwirika, sankhani tsiku mukayezetse BP, shuga ndi HIV. Amayi afunsenso za kuyeza khansa ya khomo la chiberekero. Ndi ulendo umodzi wokhala ndi poyambira ndi pothera.

Ngati mtima walemera kwa masabata, tulo sitikubwera, chakudya sichikukoma, kapena maganizo ofuna kudzipha akubwera, limenelo si vuto lothetsa ndi lonjezo. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo pitani kuchipatala. Abambo makamaka, kulira si kuchepa.

Nanga mapemphero owolokera chaka alibe ntchito?

Ali nayo. Kuyamika Mulungu pamodzi ndi anzanu kuti mwafika chaka china n'chinthu chabwino, ndipo ambiri amapezako mphamvu. Chosowa n'chakuti chimene chanenedwa usiku umenewo chilibe tsiku lochiyambira. Zipembedzo zathu zomwezo zili ndi njira zina zimene zimagwira bwino. Akatolika a ku Bembeke ndi ku Mua amasala masiku 40 a Lenti. Asilamu a kwa Tambala amamanga Ramadan masiku 29 kapena 30. Anthu omwewo amene amalephera lonjezo la Januwale pa sabata ziwiri amamaliza nyengo zimenezi bwinobwino. Chifukwa chake n'choonekeratu: pali tsiku loyamba ndi lomaliza, chochita n'chodziwika, ndipo mudzi wonse ukuchitira limodzi. Bwerekani nzeru imeneyo. M'malo mwa "chaka chonse", nenani "masiku 30". Akatha, onani mmene zayendera, muonjezere 30 ena.

Ndiyambire pati sabata ino?

Gulani kope, kapena ng'ambani masamba otsala m'kope lakale la mwana. Lamulungu likudzali khalani pansi ndi a pabanja panu mulembe za chaka chathacho, zoipa ndi zabwino zomwe. Pa zonse zimene muone, sankhani chimodzi. Chifunseni kuti nyengo yake ndi iti: ngati n'cha ndalama chidikire Meyi, ngati n'chomanga kapena chophunzira chidikire Julayi, ngati n'cha mtengo kapena cha kuyanjana ndi mbale chiyambe pano. Chilembeni ngati chinthu chochita, chokhala ndi tsiku, nthawi ndi malo, ndipo chikhale chaching'ono choti mungachite ngakhale tsiku limene mwatopa. Kenako pitani kwa munthu mmodzi amene sakuopani, mumuuze, mumupatse tsiku loti adzakufunseni. Zina zonse zilekeni kaye, nthawi yake idzafika.